Mlendo Wosaodira

Pali chizolowezi china pakati pa anthu a m'tauni, makamaka a ku Lilongwe, chimene ife a kuno ku Bembeke timachidziwa bwino poti chipata cha Dedza tili nacho pafupi. Mwezi ukatha, malipiro akalowa, anthu anayi kapena asanu amasonkherana ya mafuta n'kunyamuka Loweruka m'mamawa. Pachipata amadinditsa mapepala n'kuwolokera ku Calomue, ndipo amene ali ndi nthawi amapitirira mpaka ku Vila Ulongue, likulu la boma la Angónia. Kumeneko amamwa 2M ndi Manica, kudya nkhuku yootcha ya tsabola ndi buledi uja amati pão, kugula zitenje, kujambulitsa patsogolo pa nyumba zakale za Apwitikizi, ndipo dzuwa likamapendeka abwerako. Lolemba ku ofesi nkhani imakhala yomweyo: “Aise, ife tinali kunja wikendi yapitayi.”

Kodi pamenepa pali cholakwa? Funsoli likumveka ngati la munthu wanjiru amene alibe galimoto, ndipo ndikudziwa kuti awerengi ena ayamba kale kuseka. Munthu sanabe, pachipata wadutsa mwalamulo, ndalama wadyazo ndi thukuta lake. Komabe tiyeni tiliunike mofatsa, chifukwa mkati mwake mwabisala funso lina lakale kwambiri: munthu ukapita kwa eni, uli nawo ngongole yanji eni akewo?

Tiyambe ndi chilankhulo chathu. M'Chichewa mulibe liwu limodzi lotchulira munthu amene amayenda ulendo kuti akangoona basi. Atolankhani ndi a boma adachita kulumikiza mawu, n'kumati “alendo odzaona malo” kapena “ntchito zokopa alendo.” Adabwereka liwu lakuti mlendo, koma liwu limeneli lili ndi katundu wake amene wobwereka ayenera kumusenza.

Mlendo wa kwathu amaima pabwalo n'kuodira. Sakhala pansi asanayalidwire mphasa kapena kupatsidwa mpando. Akalonjeredwa amafotokoza malonje: kumene wachokera, mmene wawasiyira a kumudzi, zimene waona m'njira ndi chimene wadzera. Amadya chimene chabwera, kaya ndi nsima ya mgaiwa ndi chisoso, osakwinya nkhope. Pochoka amatsazika, eni ake amamuperekeza mpaka pamphambano, ndipo mawu ake omaliza amakhala akuti, “Nanunso mudzationeko.” Mawu amenewa ndiwo msana wa mwambo wonsewo. Nkhuku imene mwamuphera lero mukaidya kwawo chaka chamawa, pajatu akulu adati kupatsa n'kuika. Mlendo ndi mwininyumba ndi anthu awiri amene amasinthana malo, ndipo aliyense amasamala khalidwe lake podziwa kuti tsiku lina mphasa idzayalidwa ndi winayo.

Wodzaona malo amalandira zonse zimene mlendo amalandira. Anthu amamumwetulira, amamulozera njira, akalakwitsa amamukhululukira poti ngwachilendo. Koma saodira, safotokoza malonje, ndipo pochoka sasiya dzina. Mwambi wakuti mlendo ndi mame akulu adaunena pouza mwininyumba kuti apirire, chifukwa mlendo sakhalitsa. Wodzaona malo wautembenuza mwambiwu kuti ukomere iye: poti sindikhalitsa, palibe chondimanga pano.

Tauni ya pamalire ili ndi chikoka chimene Mangochi kapena Zomba alibe. Ukangodutsa chipata zinthu zitatu zimasintha nthawi imodzi: ndalama, lamulo ndi maso a anthu. Mitengo ya zinthu imakhala ina, ndipo china chimene kwanu n'chodula kumeneko ungachipeze motchipa. Malamulo ndi ena, kapena amatsatidwa mwa mtundu wina. Koma chachikulu ndi maso. Kutsidyako kulibe apongozi, kulibe mkulu wa mpingo, kulibe abwana a kuntchito. Munthu amene khalidwe lake lidamangidwa pa manyazi okha, akafika kumene sadziwika amakhala ngati mbuzi imene yadula chingwe. Ndiye mupeza bambo amene ku Area 47 amadutsa akuyang'ana pansi, kumalireko akukokakoka mtsikana wa msinkhu wa mwana wake, n'kumati, “Kuno n'kunja, zakuno zimathera konkuno.”

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha zoterezi chili kutali ndi kuno, pamalire a Mexico ndi United States of America. Kumeneko kuli mzinda wa Tijuana, woyang'anizana ndi San Diego, ndi wa Ciudad Juárez, woyang'anizana ndi El Paso. Kuyambira 1920 mpaka 1933 dziko la America lidaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa, ndipo anthu ake adayamba kukhamukira m'mizinda iwiriyi kukamwa, kukatchova juga ndi kukachita zina zimene kwawo akadamangidwa nazo. Lamulolo lidatha koma njira idatsala yopondeka. Anthu a ku America amawolokabe kukasangalala ndi kukagula mankhwala otchipa, ndipo tauni yaing'ono ya Los Algodones imadziwika ndi kuchuluka kwa madokotala a mano amene odwala awo ambiri amachokera kutsidya. Mumsewu wa Avenida Revolución ku Tijuana mudatchuka abulu opakidwa penti ya mizeremizere kuti azioneka ngati mbidzi, alendo azijambulitsa nawo atavala chipewa chachikulu. Ku Mexico kulibe mbidzi zam'tchire. Bulu uja adapakidwa chifukwa mlendo ankafuna chithunzi chokadabwitsa nacho anzake, ndipo mwini bulu ankafuna kudyetsa ana.

Choipa cha malire amenewo n'chakuti chipata chake chimatseguka mosavuta mbali imodzi yokha. Wa pasipoti ya America amalowa mu Tijuana wapansi popanda vuto lenileni. Mmphawi wa ku Tijuana akafuna kubweza ulendowo ayenera kupempha chilolezo, ndipo ambiri amakanidwa. Kuyambira 1994, pamene boma la America lidakhwimitsa ulonda ndi mipanda cha ku San Diego, anthu ofuna ntchito adayamba kuzembera m'chipululu cha Arizona, ndipo zikwizikwi afera m'menemo ndi ludzu ndi kutentha. Tikumbukirenso kuti California yense anali wa Mexico mpaka 1848. Pamalo otere mawu aja akuti “nanunso mudzationeko” amasanduka chipongwe, chifukwa wonenayo akudziwa kuti mnzakeyo sangafike.

Wina anena kuti, “Nanga mukufuna tizingokhala pakhomo?” Mfundo yake ndi yolimba ndipo tiyenera kuimvetsera. Mayi wogulitsa zitenje pa Calomue sakufuna chisoni chanu, ngakhalenso nzeru za m'nyuzipepala ngati zinozi. Akufuna mugule. Mnyamata wootcha nkhuku, wosintha ndalama, wa kabaza, onsewa tsiku lawo limakoma alendo akachuluka. Munthu amene wakhala kunyumba chifukwa choopa kuonerera umphawi wa anzake sadawonjezere ngakhale tambala m'thumba la aliyense. Komanso kuyenda n'kuphunzira. Amalawi ambiri timadziwa zambiri za London ndi Johannesburg kuposa za Tete, ndipo umbuli umenewu ndi umene umabala mawu onyoza anansi athu. Choncho yankho silingakhale lakuti tisamapiteko. Funso ndi lakuti timapitako ngati ndani.

Apa mpamene malire athu a Dedza amatiphunzitsa chinthu chimene a ku San Diego sangachione msanga. Mzere umene umatilekanitsa ndi Angónia udachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 June 1891. M'dera lino adagwirizana kuti malire atsate msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa mbali ino imatsikira ku nyanja ya Malawi, yogwa mbali inayo imakathira mu Zambezi. Olemba panganolo adafunsa madzi kumene akupita, anthu sadawafunse. Angoni a Maseko anali atakhazika likulu lawo ku Domwe, kumene lero ndi ku Mozambique, ndipo dzina lakuti Angónia likuchokera kwa iwo. Mzerewo udadula ufumu umodzi pakati: mbali ino kudatsala nyumba ya Gomani, amene Angerezi adamupha mu 1896, mbali inayo ya Zintambira. Achewa nawonso adagawika chimodzimodzi. Lero pa Lizulu msewu wa M1 ukutsata malirewo, moti munthu ungagule tomato ku Malawi ndi anyezi ku Mozambique pongodumpha tala. Chilankhulo n'chimodzi, mafuko ndi omwewo, ngoma ndi gule wamkulu zimavinidwa uku ndi uko.

Mayi wa m'midzi ya kuno kwa Kamenyagwaza akamva uthenga wa maliro kutsidya sanena kuti akupita kunja. Amamanga ufa pansalu, kubereka mwana n'kunyamuka. Akafika amalira, amatunga madzi, amagona pasiwa. Iye ndi wa galimoto wa ku Lilongwe uja angathe kudutsa malo amodzi tsiku limodzi, koma wina akupita kwa abale, wina kokaona zachilendo. Zachilendozo n'ziti, pamene wogulitsa mowa uja mwina ndi Phiri mnzake kapena Maseko mnzake?

Chachiwiri n'chakuti pamalire ano palibe mbali imene idakhalitsa pamwamba. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidaletsa mpingo wa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo nkhanza zitakula mu 1972 zikwizikwi za Amalawi zidathawa. Ambiri adakakhala ku msasa wa Mlangeni, mbali ya Mozambique, mpaka 1975 pamene adabwezedwa. Nthawi imeneyo othawa kwawo tinali ife. Kenaka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa mu 1986, mtsinje wa anthu udatembenuka. Pofika 1992 m'Malawi munali anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri adamanga zisakasa zawo m'midzi momwemo, pakati pa abale ndi anansi, m'mbali mwa msewu waukulu. Panali chifundo chenicheni, anthu adagawana minda ndi zitsime. Panalinso kunyoza, ndipo liwu lakuti “marefuji” lidasanduka mwano. Ena adalemba anzawo ganyu pamtengo wa chipongwe, ena adagula ufa ndi nandolo za chithandizo pamtengo wotaya.

Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasainirana za mtendere ku Rome pa 4 October 1992, ndipo pofika 1995 ambiri anali atabwerera kwawo. Sipadapite zaka khumi gudumu lidazunguliranso. Pa njala ya 2002, imene Pulezidenti Bakili Muluzi adailengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko mu February chaka chimenecho, anthu a m'maboma ano ankawoloka kukapalira m'minda ya ku Angónia kuti alandire chimanga. Ena adakagwada pakhomo pa anthu omwe aja ankawatcha marefuji. Mu 2011 ndi 2012, mafuta a galimoto atasowa m'dziko muno, zigubu zinkachokera kutsidya komweko. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankapita kukadzitama ndi chikwama adaona kuti chapepuka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: kuno mwambi umenewu takhala tikuuona ndi maso kangapo konse m'moyo wa munthu mmodzi.

N'chifukwa chake nkhani ya zithunzi siyaing'ono monga imaonekera. Nkhondo itangotha kudali anthu amene ankawoloka kukaona masitolo ogumuka ndi zipupa zoboola zipolopolo, n'kumajambulitsa pomwepo akumwetulira. Bwinja lililonse lili ndi mwini wake, ndipo ena mwa eni akewo adaika abale awo pafupi pomwepo. Mabomba okwirira pansi adapitiriza kudula anthu miyendo zaka zambiri mtendere utabwera, moti dziko la Mozambique lidalengeza kuti lathana nawo mu September 2015. Ndiponso Mmalawi sangaime pabwinja lotere ngati munthu wochokera kumwezi. Mu September 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adabwera ku Blantyre kudzadzudzula Dr. Banda kuti dziko lake likuthandiza Renamo. Boma la Malawi lidakana, ndipo chaka chotsatira asilikali athu adapita kukalondera njanji ya Nacala, kumene ena adataya moyo. Kaya wina aima mbali iti pa mkangano umenewo, nkhondo ija sinali sewero la anthu achilendo limene ife tinkaonera pazenera. Kumanda kwa eni munthu umavula chipewa, ngakhale womwalirayo sunkamudziwa.

Ndipo amene sakumvabe akumbukire mmene zimawawira zikakhala kwa ife. Tonse tidaonapo galimoto ya alendo ochokera kutali itaima pamsika, galasi litatsika pang'ono, kamera n'kuloza mwana wosavala kapena gogo wosenza nkhuni, kenaka galimoto n'kuliza popanda ngakhale moni. Tidaonaponso zilombo za gule wamkulu, zimene malo ake ndi pamaliro ndi pachinamwali, zikuvinitsidwa masana pakapinga kuti odya chakudya asasungulumwe. Bulu wa ku Tijuana sali kutali kwenikweni. Nafenso penti timaidziwa, ndipo tikudziwa kuti munthu amadzipaka akakhala kuti njala yamupana. Nanga Amalawi angati adaima pamzere pa Beitbridge mtima uli m'mwamba, akuona anzawo a mapasipoti amphamvu akudutsa mosavutika? Munthu amene adalawapo zimenezi n'kukachitira mnzake zomwezo pa Calomue alibe chowiringula chakuti sankadziwa.

Tsono ngongole ija ndi yotani? Ine ndikuona kuti ndi yomwe ija ya mlendo wa kumudzi, ingofunika kuinyamula podutsa chipata mmalo moisiya pa ofesi ya olowa ndi otuluka. Kuodira kumatheka ngakhale pamsika: kupereka moni usanafunse mtengo, kupempha usanajambule, ndi kuvomera ukakanizidwa. Malonje amathekanso: kunena dzina lako ndi kwanu, kuti amene ukucheza nayeyo akudziwe monga iwe ukufunira kumudziwa. Kunenerera mtengo ndi mwambo wa msika ndipo palibe amadana nako, koma pali kusiyana pakati pa kunenerera ndi kufinya munthu chifukwa waona kuti sanagulitse kanthu chim'mawire. Wapolisi wa kutsidya akakuimitsa, lamulo lake ndi lamulo ndithu, ndipo amene amathamangira kupereka kangachepe asabwere kuno n'kumasimba kuti kumeneko n'kwa katangale, poti dzanja lopereka linali lake. Ndipo chimene sungachite apongozi akuona, ukachichita kutsidya chimakhalabe chomwecho. Mtsikana wa m'bala la pamalire ali ndi amalume ake, ngakhale iwe sukuwadziwa.

Pali muyeso umodzi umene munthu angadziyese nawo pobwerera, galimoto ikamatsika kulowera ku Linthipe. Mwa anthu onse amene ndakumana nawo lero, alipo mmodzi amene ndikudziwa dzina lake, ndipo atati atulukire pageti panga ku Lilongwe mwezi wamawa ndingamutsegulire n'kumuyalira mphasa? Ngati alipo, ndiye kuti unali mlendo, ndipo ulendowo wamanga kanthu kena pakati pa maiko awiriwa kamene nduna sizingamange ndi mapangano. Ngati palibe, wadya, wamwa, wasangalala, palibe angakumange, koma anthu aja unawaona ngati mmene umaonera phiri la Dedza pawindo.

Wina ati muyeso umenewu ngwolemera kwambiri kwa munthu amene amangofuna kupumulako tsiku limodzi. Mwina ngwolemeradi. Koma ife tili ndi mwayi umene wa ku Tijuana ndi wa ku San Diego alibe: pamalire athu palibe mpanda wachitsulo, chilankhulo n'chimodzi, ndipo mnzathu wa ku Angónia angathe kubweradi kudzationa, monga adabwerera mu 1986 ndi monga ife tidapitira mu 1972 ndi mu 2002. Ulendo wotsatira wa mavuto sitikudziwa kuti udzalowera mbali iti. Pamene tikupita kukamwa 2M lero, n'kwanzeru kukumbukira kuti khomo limene tikulowa osaodiralo mwina ndi lomwe ana athu adzagogodepo usiku, atasenza mitolo pamutu.